Kabokosi ka ku Joni ndi Nyimbo ya Amayi

Johannesburg
19 Meyi 2019

Okondedwa achimwene a Silvesta,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Ireen ndi ana. Kuno tili bwino, kungoti chisanu chayamba msanga. Nanga abambo ali bwanji? Chifuwa chija chinatha?

A Mussa a thiraki, amene akupatseni kalatayi pa Mtakataka, akupatsaninso katoni. M'katonimo muli bulangete la abambo, laputopu yakale ya alamu anu a Patrick, maikolofoni, zingwe ziwiri, fulashi ndi kabokosi kakuda. Kabokosiko ndiko kamatenga mawu ku maikolofoni n'kuwalowetsa mu laputopu. A Patrick amajambulira kwaya ya kutchalitchi kwathu kuno ndi kotereko. Ayesa zonse, ndipo alemba pepala loti mutsate.

Chimene ndikufuna ndi chimodzi. Pa maliro a amayi, abambo anaimba nyimbo imene anapeka okha. Aliyense wa kwathu amene ndakumana naye kuno amandiuza kuti ngakhale adzukulu okumba manda anaika makasu pansi kuti amvetsere. Zaka zisanu ndi zitatu zadutsa, ine sindinaimvepo. Chinandiletsa kubwera mukuchidziwa: mapepala anga anali atatha, ndikanatuluka sakanandilolanso kulowa. Mpaka lero zili choncho. Pafoni ndawapempha kawiri, koma amangoti sakumva bwino n'kukubwezerani foni.

Abambo akwanitsa zaka 81. Ajambuleni akadali ndi mawu, muike pa fulashi, mupatse a Mussa. Amadutsa pa Mtakataka kamodzi pa masabata atatu.

Ine mlongo wanu,
Clotilda

Mua
9 Juni 2019

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wochokera kwa tonse. Ife tili bwino. Abambo chifuwa chikadalipo, makamaka m'mawa, koma akudya ndipo Lamulungu akuyenda okha mpaka kutchalitchi. Bulangete alandira, ati muwathokozere kwa a Patrick.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumathamanga, ndipo ine ndikaika foni pansi ndimapeza theka ndaiwala. Chonde muwerenge mpaka kumapeto.

Katoni ndinaitsegula pamaso pa a Mussa n'kuwerenga chimodzichimodzi. Zonse zinalipo monga munalembera. Laputopu ndimakaitchajitsa kometera pa Mtakataka, ndipo ndimakhala pomwepo mpaka idzaze, sindiisiya ndi munthu. Kabokosi ndakakhomera kanyumba kake ka mbawa kuti utuchi wa m'shedi yanga usalowemo.

Pepala la alamu ndalitsata mzere ndi mzere, kanayi. Chingwe chonenepa cha mano atatu chachoka ku maikolofoni kupita kutsogolo kwa kabokosi. Chopyapyala chachoka kumbuyo kwa kabokosi kupita ku laputopu. Ndatsegula pamene anajambula muvi, ndadina kozungulira, ndipo manambala a nthawi akuyenda. Koma pali zinthu ziwiri zimene zandiimitsa.

Choyamba, ndikadina poti ndimvere zimene ndalankhula, sipatuluka mawu. Pepala likunena za mahedifoni, koma m'katoni munalibe mahedifoni.

Chachiwiri ndicho chandisowetsa mtendere. Pa kabokosi pali kabatani kolembedwa 48V, ndipo pepala silinakatchule. Nditangolumikiza, kanayaka kofiira. Batire lathu la sola ndi la 12, ndipo ndi lomwelo linapsereza wailesi ya abambo chaka chatha mpaka utsi unatuluka. Tsono 48 ndi mabatire anayi. Maikolofoni ndi yachitsulo, ndipo munthu wokalamba aziiyandikitsa pakamwa. Ndakadina kabataniko, kazima, ndipo ndakasiya kozima. Muwafunse alamu ngati ndachita bwino. Sindijambula abambo mpaka mutandiyankha.

Ngakhale mutayankha, pali vuto lina. Abambo akana. Ati nyimbo ya maliro siimbidwa pakhomo popanda maliro, kutero n'kuisonyeza imfa njira. Ndinawauza kuti wapempha ndi Clotilda. Anati, "Umuuze adzabwere pa maliro anga, mwina ndidzadzuka n'kumuimbira." Azakhali a Katerina analipo. Anangondiyang'ana mpaka ndinatuluka.

Ati nyimbo za Khirisimasi ndi za Pasaka zimene anapekera kwaya angathe kuimba zonse, ngakhale mawa. Kodi zimenezo sizingakwane?

Ngati kungatheke, mankhwala opaka pachifuwa aja muwatumizenso.

Ndine mlongo wanu,
Silvesta

Johannesburg
30 Juni 2019

Achimwene,

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira. Ndaiwerengera m'tekisi popita ku ntchito, chifukwa ndi mokhamo mmene ndimakhala pansi. Masamba anayi, achimwene, ngati lipoti la kupolisi.

Mahedifoni a Patrick anaiwala, akuti agula ena. Akuti kabokosi kakalumikizidwa mawu amatulukira mmenemo, osati pa laputopu, choncho musade nkhawa kuti simukumva. Ngati manambala akuyenda ndiye kuti ikujambula. Za mabatani, a Patrick anakonza zonse asanatseke katoni. Musakhudze chilichonse, zisiyeni mmene zilili. Inu vuto lanu n'lomwelo kuyambira kale, mumayeza thabwa kasanu mpaka mwini chitseko n'kukagula kwina.

Za Khirisimasi sindikuzifuna, ndinakulira momwemo. Ndikufuna ya amayi. Inu munalipo, azakhali analipo, Mua yense analipo. Ine tsiku limenelo ndinali kuchapa zovala za ana a eni. Abambo aimbitsa kwaya zaka makumi anayi, zoopa malodza aziyamba liti? Ine ndikuona ngati ndinu amene mukuopa azakhali.

Mawu awa muwawerengere abambo monga ndalembera, musawafewetse: Ababa, nanenso ndine mwana wanu. Sindinaponye dothi pa amayi. Mundipatseko nyimbo yokha.

Mankhwala opaka ali m'envulopu yaikulu.

Clotilda

Mua
28 Julaye 2019

Okondedwa achemwali,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ndi alamu. Ife tilipo. Zimene munafuna zachitika, ndipo ndikufotokozerani mwatsatanetsatane kuti mudziwe kuti sindinadumphe kanthu.

Mawu anu ndinawawerengera abambo osasintha ngakhale limodzi. Masiku awiri sanandilankhule, akafuna madzi amaitana alamu anu, amayi a Mwayi. Lachinayi m'mawa anatuluka atavala jekete yawo ya kwaya, n'kundiuza kuti nditenge zitsulo zangazo. Anati m'nyumba ayi, tipite ku shedi. Ndinawakumbutsa kuti ku shedi n'kumene ndimakhomera mabokosi a maliro. Anati, "N'chifukwa chake. Kumeneko imfa imakudziwa kale, sitiisonyeza njira yatsopano."

Anati aimba kamodzi kokha, ikalakwika yalakwika. Choncho ndinakonzekera. Ana ndinawatumiza kudimba, nkhuku ndinazitsekera m'khola, pazenera ndinapachika bulangete kuti phokoso la mjigo lisalowe. Laputopu inali yodzaza. Zingwe ndinaziyang'ana katatu. Kabatani kaja ndinakamata ndi tepi kuti chigongono chisakadine mwangozi, popeza munati zikhale mmene zilili.

Anakhala pa benchi, manja pa mawondo. Nyimboyo imayamba motere:

Anna, khasu lako lili pomwe unalekezera,
mzere wako sindinaumalize.
Mbalame zikudya mpunga wako kudambo,
wokuwa palibe.

Mawu awo ndi ochepa tsopano, koma sanaphonye. Pa ndime yachitatu chifuwa chinawagwira. Ndinafuna kuimitsa, iwo anakweza dzanja kundiletsa, anamwa madzi, n'kupitiriza mpaka ndime yachisanu ndi chiwiri. Ine ndinali kuyang'ana pa laputopu kuti asandione kumaso. Manambala ankayenda bwinobwino, ndipo mzere umene umatuluka pojambula unali wowongoka ngati wa lula, wopanda pokhota ngakhale pamodzi. Muwauze alamu zimenezo, akondwa.

Atamaliza anafunsa ngati chitsulocho chikadali kumva. Ndinati inde. Anati, "Tuluka, ndilankhule ndi mwana wanga." Ndinatuluka n'kukaima pa mtengo wa mango uja, patali ndithu, chifukwa sanali mawu anga. Patapita mphindi zitatu anandiitana. Anati, "Zimitsa. Ndamuika kawiri mkazi wanga, kwakwana." Zonse pamodzi ndi mphindi 11 ndi masekondi anayi. Ndaika pa fulashi, dzina lake ndalemba kuti ABAMBO.

Azakhali amva. Mwana wina wa pafupi anamva kuimba n'kukawauza. Anabwera madzulo ake, anaima pakhomo la shedi osalowa, n'kundifunsa kuti maliro ali kuti popeza nyimbo yamveka.

Mahedifoni sanafike, choncho ine sindinamvere. Woyamba kumva mukhala inu, ndipo n'koyenera.

Ndine mlongo wanu,
Silvesta

Mua
18 Ogasiti 2019

Achemwali,

Moni. Kalata iyi ifika limodzi ndi ya pa 28 Julaye ndi fulashi, chifukwa thiraki ya a Mussa inawonongekera m'njira ndipo adutsa mawa. Za imfa ya abambo ndinakuuzani pafoni, koma tonse tinali kulira ndipo sindinanene zambiri.

Anadwalika Lamulungu pa 4, tinawatengera kuchipatala Lolemba, anatisiya Lachiwiri masana. Adokotala anati ndi chibayo. Bokosi ndinakhoma ndekha. Zaka makumi atatu ndili pa ntchito imeneyi, koma misomali itatu inandipindikira. Tinawaika Lachinayi pafupi ndi amayi, atavala jekete ya kwaya. Bulangete lanu tinawafunditsa.

Tsono pali zimene muyenera kudziwa. Pa siwa, azakhali polira ankatchula mawu amodzi okhaokha, akuti anamuimbitsa mlongo wanga, anamuimbitsa. Anthu onse anamva. Tsiku lometa, achibale atakhala pansi, anandiimiritsa pakati n'kundifunsa kuti pakati pa nyimbo ndi imfa padutsa masiku angati. Ndinati khumi ndi awiri. Anafunsa ngati sindinkadziwa mwambo. Ndinati ndinkaudziwa. Anafunsa amene anandituma. Ndinati palibe, ndinaganiza ndekha. Dzina lanu sindinalitchule, chifukwa simunalipo kuti mudziyankhire. Azakhali anati, "Mmisiri anasowa kasitomala, wadzipezera pakhomo."

Kuyambira pamenepo amayi a Mwayi akafika pamjigo, nkhani zimatha. Anthu awiri amene anandipatsa ntchito ya zitseko abwera kudzatenga matabwa awo. Bambo mfumu a parishi ananena mu ulaliki kuti chibayo sichibwera ndi nyimbo, anthu anavomera kuti amen, koma matabwa sanabwerere.

Ine mwini sindikudziwa chimene ndikhulupirire. Masana ndimati ndi chibayo. Ndikalowa m'shedi n'kuona benchi ija, ndimawerenganso masiku.

Chimene chikundilimbitsa mtima n'chakuti mawu awo alipo. A kwaya anayesa kukumbukira nyimbo ya amayi kuti awaimbire, koma palibe anapitirira ndime yoyamba. Ili pa fulashi pokha. Chonde alamu aikenso pa memori kadi yoti ingalire pa wailesi, munditumizire. Ndikufuna ana anga adzamve agogo awo, ndipo mwina tsiku lina azakhali adzamva n'kuona kuti sitinachite zamasewera.

Fulashi ndaikulunga m'pulasitiki n'kuisokerera mkati mwa envulopu. Mudule ulusi, musang'ambe.

Silvesta

Johannesburg
8 Sepitembala 2019

Achimwene,

Moni. Makalata onse awiri ndi fulashi zafika. Ndinapempha tsiku kuntchito. Ndinasamba, ndinavala chitenje cha amayi chija, ndinakhala pansi. A Patrick anandiveka mahedifoni n'kudina.

Mulibe kanthu. Mphindi 11 ndi masekondi anayi, mulibe ngakhale kupuma kwa munthu.

A Patrick ayesa pa makompyuta atatu. Akuti mzere wowongoka umene mumanyadira uja ndiwo umasonyeza kuti palibe chalowa, mawu akamalowa mzere umakhala wa manomano. Akuti maikolofoni ya mtundu umenewo sigwira ntchito popanda kabatani ka 48V, ndi kamene kamaipatsa moto, ndipo moto wake sungagwire ngakhale khanda. Akulumbira kuti anakasiya koyatsa. Akuti mukanangozula chingwe cha kabokosi n'kumvera pa laputopu, mukanadziwa tsiku lomwelo, abambo akadali pa benchi.

Ndinakuuzani kuti musakhudze chilichonse. Mawu awiri okha. Ndani anakazimitsa? Ndakhala ndikudzifunsa ngati munachita dala, kuti mukondweretse ine ndi azakhali nthawi imodzi: abambo aimbe, koma nyimbo isatuluke m'mudzi. Ngati ndi choncho nenani.

Nyimbo ndingathe kukukhululukirani tsiku lina. Koma abambo anakutulutsani kuti alankhule ndi ine. Chichokereni kumudzi sanandiuzepo mawu opitirira moni ndi za mvula. Anandikhululukira za maliro a amayi? Ananditukwana? Munaima pa mango ngati mlonda, ndipo palibe munthu padziko amene anamva.

Mahedifoni ali m'katoni. A Patrick anali atagula kale. Muchite nawo zimene mukufuna.

Clotilda

Mua
6 Okutobala 2019

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Kuno kwatentha, ana ali bwino, ntchito ikadali yochepa.

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinalemba makalata atatu n'kuwang'amba. Iyi ndiyesa kuti ikhale yaifupi, popeza zazitali simuwerenga.

Mwafunsa amene anazimitsa kabatani. Ndine. Sindinabise. Kalata iliyonse imene ndimakutumizirani ndimayamba ndaikopera m'kope, ndipo kopelo lili pano. Tengani yanga ya pa 9 Juni, tsamba lachitatu, pamwamba. Ndinalemba kuti ndakazimitsa, ndinalemba chifukwa chake, ndinapempha kuti muwafunse alamu. Ndinadikira masabata atatu. Munayankha kuti zisiyeni mmene zilili, ndipo ndinazisiya mmene zinalili. Alamu akulumbira kuti anakasiya koyatsa, ndiye kuti tsamba limenelo sanalione. Inu mukudziwa ngati munawaonetsa.

Sindikunena izi kuti ndidzichotse. Chala chinali changa. Ndinaopa kuti chitsulo chingawagwire abambo pakamwa, ndipo ndinaona mzere wowongoka n'kuganiza kuti ndi ntchito yabwino, chifukwa kwa ine chowongoka ndicho chabwino. Sukulu yanga inathera Sitandade 7. Koma zoti ndinachita dala, zimenezo mubweze. Ndikanafuna kukondweretsa azakhali, ndikanatchula dzina lanu tsiku lometa, ndipo lero ndikanakhala ndi zitseko zoti ndikhome.

Lachitatu lapitali ndinalowa m'shedi ndekha. Ndinamatula tepi, ndinadina kabatani, kanayaka kofiira. Ndinagunditsa milomo pa maikolofoni n'kudikira. Palibe chinachitika. Nditavala mahedifoni ndinamva kupuma kwanga, nkhuku panja, mjigo, ngakhale njinga ikudutsa kumsewu. Mzere unali wa mano ngati sowo. Kanthu kakang'ono ngati njere ya nyemba, achemwali. Ndinakhala pa benchi ija nthawi yaitali.

Kenako ndinaimba. Mukudziwa kuti abambo anandichotsa m'kwaya ndili Sitandade 5, ati mawu anga ali ngati sowo ikakumana ndi mfundo. Mawuwo sanasinthe. Pa ndime zisanu ndi ziwiri ndakumbukira zisanu, ndipo yachinayi ili ndi mzere umodzi umene ndikukayikira, ndangong'ung'udza pamenepo. Zinazo zapita nawo. Ndamvera mpaka kumapeto, zamveka. Ili pa fulashi yatsopano, dzina lake SILVESTA, kuti musayembekezere mawu a wina. Anthu a pafupi amvanso, ndipo mawa lake azakhali anatumiza mawu ofunsa kuti ulendo uno ndikuitanira ndani. Ndikadwala mudzadziwa zimene adzanene.

Laputopu, kabokosi, maikolofoni, zingwe ziwiri ndi mahedifoni ndabweza zonse ndi a Mussa. Kanyumba ka mbawa ndakasiya momwemo, alamu asungiremo.

Fulashi ya abambo ija musaifufute. Inu simukumvamo kanthu, koma ine ndinali kuyang'ana manambala ndipo ndikudziwa. Pa mphindi yachitatu ndi theka ndi pamene anatsokomola. Pa yachinayi anamwa madzi. Pa yachisanu ndi chitatu anamaliza nyimbo n'kunditulutsa.

Za mphindi zitatu zotsalazo mwandifunsa ngati anakukhululukirani kapena anakutukwanani. Amayi a Mwayi akuti ndingokulemberani kuti anakukhululukirani, mtima wanu ukhale pansi, palibe angadzanditsutse. Ndaganiza masiku ambiri. Ndinali pa mango, mapazi makumi atatu kuchoka pa shedi, ndakayeza. Mawu sindinamve ngakhale limodzi. Chimene ndinamva n'chakuti chakumapeto anaseka, pang'ono, kamodzi, monga ankasekera mukawabweretsera madzi mutatayira theka m'njira muli mwana.

Chimene anaseka sindikuchidziwa, ndipo sindikupekerani.

Ndine mlongo wanu,
Silvesta